Sutikesi ya ku Kamwala

Amai anagula sutikesi ine nisanayankhe n'komwe kuti nidzapita. Anaigula ku Kamwala, yofiila, ya mawilo anai, ndipo anakwela nayo minibasi mpaka ku Chawama ataiika pamiyendo monga mwana. Kondakitala anafuna kuti ailipilile mpando, anakangana naye njila yonse. Pofika madzulo, mzele wathu wonse unali utamva kuti mwana wao wamkazi apita ku Thailand kukaphunzitsa Cizungu.

Munali mu August 2024, nthawi ija madzi ku Kariba anacepa ndipo malaiti anali kubwela monga mlendo, pakati pa usiku, n'kupita kusanace. N'nali na digili ya uphunzitsi, laisensi ya Teaching Council of Zambia, na nchito pa kasukulu ka pulaiveti ka m'komboni kamene kanali kunipatsa K1,800 pamwezi, makolo akalipila. Mu 2022, pamene boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, n'nagula nyuzipepala na kuwelenga maina katatu, cala cili pa pepala. Langa munalibe. Amene munapitamo mudziwa mmene munthu amapindila nyuzipepala ija mosamala, ngati kuti mawa dzina lidzamela.

Uthenga unabwela m'gulu la pa WhatsApp la aphunzitsi osalembedwa nchito. Sukulu ya ku Thailand ifuna aphunzitsi a Cizungu, madola 1,500 pamwezi, nyumba yaulele, tikiti ya ndeke adzagula okha. N'nacita masamu pa foni: pafupi-fupi K40,000. Ndalama imene pa kasukulu kathu n'kanaigwilila nchito miyezi 22. Ine na mnzanga wa ku koleji, amene tinali kugona cipinda cimodzi na kugawana soya pa mwezi woipa, tinatumiza mapepala usiku womwewo.

Intavyu inacitikila pa WhatsApp, mau cabe, popanda vidiyo. N'nali n'tavala bulauzi yoyela na kukonza tsitsi, kuvalila munthu amene sananione. Mwamuna wina wokamba Cizungu cothamanga anafunsa zaka zanga, ngati nili pabanja, ngati pasipoti ilipo, ngati nimasewenzetsa Instagram, komanso kuti nimalemba mau angati pa mphindi imodzi pa kompyuta. Mphindi 7, kwatha. Tsiku lotsatila kalata inafika, ya cidindo ca buluu na dzina la sukulu pamwamba. Pambuyo pake ejenti wa kuno, wokamba Cinyanja cathu comweci, anatuma foni kuti nitumize K6,500 ya mapepala pa nambala yake ya Airtel Money m'masiku asanu.

Amai anati ndalama si nkhani. Anapempha anzao a cilimba kuti asinthane mwezi, adye iwo coyamba. Ndalama imeneyo inali yakuti akaodele belo ya salaula ya nyengo yotentha.

Ningakonde kukamba kuti nzelu ndiye zinanigwila dzanja, koma ningakhale nanama. Cinanigwila ni kunyada. Pamene n'nali kufuna nchito pa kasukulu kathu ka malata, kopanda na laibulale komwe, ahedi ananipatsa coko na kuniimika kutsogolo kwa Giledi 6 kwa mphindi 40, iwo atakhala kumbuyo na kope. Manje sukulu yolipila madola sinafune kumva ngakhale mmene nimaphunzitsila mwana kusiyanitsa "he" na "she", vuto imene aliyense wa ife anakula nayo. Anafuna kudziwa liwilo la zala zanga. Cinaniwawa monga mphunzitsi, ndipo kuwawa kumeneko kunasanduka funso.

N'napita pa babashopu ya pakona, imene ili na sola, n'nalipila zochajila foni, n'nagula bando ya intaneti, n'nakhala pa benchi pakati pa anyamata okangana za Arsenal. N'nalemba dzina la sukulu pa Google Maps. Inalipo. Zithunzi zinaonetsa ana ovala yunifomu, mbendela, bwalo losesedwa bwino, m'cigawo cochedwa Tak. Mtima unakhala pansi, cakuti n'natsala pang'ono kupita pa buthi kukatumiza ndalama. Cinanibweza ni kanthu kang'ono. Imelo ya pa peji ya sukuluyo inali kuthela na .ac.th, monga mmene masukulu ambili a kumeneko amacitila. Ya pa kalata yanga inali ya Gmail, dzina la sukulu lomwelo koma na manambala kumapeto.

Pa Facebook pali magulu a anthu a ku Africa amene aphunzitsa ku Thailand. N'nalembela anthu 6. Anayankha mmodzi, mai wa ku Cameroon amene wakhala kumeneko zaka zingapo. Ananitumila mau ojambula ali m'basi, phokoso lili kumbuyo, ndipo n'nawamvetsela kangapo na foni ili kukhutu.

Coyamba anati nchito zenizeni ziliko, ndipo anthu akuda amazipeza, olo kuti masukulu ambili amafuna azungu ndipo ise amatilipila zocepa. Anaseka atamva za madola 1,500. Iye, na zaka zonsezo, sanali kufika pamenepo. Kenako anafotokoza njila yake. Kuti usewenze mwalamulo ufunika viza yochedwa Non-Immigrant B, ndipo sukulu ndiye imakonza mapepala ake. Pamwamba pake ufunika pemiti ya nchito, komanso cilolezo ca bungwe la aphunzitsi la kumeneko, Khurusapha. Amafuna digili, ndipo ngati sucokela ku maiko monga Britain kapena America, kambili amafuna zotulukapo za mayeso a Cizungu monga TOEIC. Ise amene tinaphunzila m'Cizungu kucokela ku pulaimale cimatinyansa cimeneci, koma ni mmene zilili. Ejenti wanga sanachulepo ciliconse ca izi. Iye anati nikalowe na viza ya alendo oona malo, zina "tizakonza mukafika".

Apa maiyo anakamba cilungamo cimene sin'nali kuyembekezela. Anati ngakhale aphunzitsi enieni ena amayamba conco, amalowa monga alendo, ndiyeno amapita ku Vientiane m'dziko la Laos kukatenga viza yoyenela. Conco cimeneco pacokha si umboni wakuti munthu ni wakuba. Koma ukagwidwa m'kalasi ulibe pemiti, womangidwa ni iwe, ejenti ali ku Lusaka akudya nkhuku.

Ndiyeno ananitumila cithunzi ca kalata yake ya ku sukulu ya boma, atabisa dzina. Pamwamba panali cizindikilo ca Garuda, colengedwa ca mapiko, hafu munthu hafu mbalame, cimene cimakhala pa makalata a boma la Thailand. Deti inali ya caka ca 2567, cifukwa iwo amawelenga zaka motsatila kalenda ya Cibuda, imene ili patsogolo pa yathu na zaka 543. Yanga inali kunena kuti yacokela ku sukulu ya boma, koma inalibe mbalame. Inalibe cilembo ca Cithai olo cimodzi. Anawonjezela kuti temu yoyamba kumeneko imayamba pakati pa May, ndipo mu October ana amakhala pa chuthi. Ine anali kunifuna pakati pa September, sukulu itatsala pang'ono kutseka.

Funso lake lothela linali lalifupi. Akakutenga pa eyapoti, akupeleka kuti?

Ejenti anali atanifotokozela zimenezi monyadila, monga umboni wakuti amasamala anthu ake. Dalaiva adzanicingamila ku Bangkok na pepala la dzina langa, ndipo tidzayenda maola 7 kapena 8 pa galimoto mpaka ku tauni ya Mae Sot. N'natsegulanso mapu. Mae Sot ili m'malile. Pali mtsinje wa Moei, wosakula kwenikweni, ndipo kutsidya kwake ni Myawaddy, m'dziko la Myanmar. Kumeneko kuli mipanda ikulu-ikulu ya alonda a mfuti, mmene anthu onamizidwa kuti apeza nchito ku Thailand amatsekeledwa, kulandidwa mapasipoti, na kukakamizidwa kukhala pa kompyuta tsiku lonse. Nchito yao ni kudzionetsa monga cisumbali kapena katswili wa bizinesi pa intaneti, kuceza na anthu a ku America na ku Ulaya mpaka awadyele ndalama. Wolephela kufikitsa ciwelengelo amamenyedwa, ndipo wofuna kucoka amauzidwa kuti abale ake alipile dipo. Pa nchito yotelo safuna munthu wodziwa kugwila coko. Afuna wodziwa Cizungu, wodziwa Instagram, wa zala zothamanga.

N'nakhala pa benchi paja mpaka wometa anafunsa ngati nadwala.

Komabe sin'nafune kutaya K40,000 cifukwa ca mantha cabe. Mae Sot ni tauni yeniyeni, ili na masukulu enieni, ndipo ana a kumeneko nawonso afunika aphunzitsi. Thailand ili patsogolo pathu na maola asanu, conco n'nauka 04:00, mumdima, na kandulo, n'natuma foni pa nambala ya pa peji ya sukulu, osati ya pa kalata. Woyamba kuyankha sanamve Cizungu canga, ine sin'namve Cithai cake. Anakaitana wina. Uyu anakamba pang'ono-pang'ono, mwaulemu kwambili: malo a mphunzitsi wakunja alibe, dzina la kampaniyo sanalimvepo, ndipo munthu amene anasaina kalata yanga monga mkulu wa sukulu samudziwa. Zinanidyela ndalama za foni za mlungu wathunthu.

Kunatsala mbali ya kuno. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limafuna kuti kampani yopezela anthu nchito ikhale na pemiti yocokela kwa Labour Commissioner. N'nafunsa ejenti nambala ya pemiti yake na ya kulembetsa ku PACRA, komanso kumene ofesi yake ili kuti nikamuone. Anayankha mwamsanga.

"Madamu, muli na mafunso yambili. Pali bantu 40 pa laini. Ngati simufuna, kambani cabe."

N'nati nifuna, koma niyambe nakamba na mphunzitsi mmodzi amene anamutumiza kale, pa vidiyo, ali m'kalasi. Anawelenga. Sanayankhe.

Kuuza amai kunali kovuta kuposa zonsezi. N'nawapeza akusankha nyemba pa lichelo.

"Amai, siniyenda."

Sanaimike manja. Akakhumudwa, Cicewa ca ku Katete cimabwelela conse.

"Ndawauza kale azimai a Cigwilizano. Akupemphelela Lacinai. Tsopano ndikawauze ciani?"

N'nawaonetsa mapu, mtsinje, kalata ya mbalame na yopanda mbalame. Anayang'ana, koma n'naona kuti zonsezo kwa iwo ni tumizele cabe pa galasi. Cimene cinalowa ni pamene n'nati ejenti wakana kunionetsa ofesi yake. Amai agulitsa salaula kwa zaka zambili, ndipo saodela belo kwa munthu amene sadziwa shopu yake. Anakhala cete, ndiyeno anati, "Ndiye sutikesi ija?" Tinaseka pang'ono, koma kwa milungu iwili anali kunipatsa moni wa m'mawa cabe.

Mnzanga uja n'namutumila zonse, mau a mai wa ku Cameroon, zithunzi, ciliconse. Anabwela yekha panyumba, sanalowe.

"Iwe vuto yako umaganiza maningi. Mwai ukabwela uyamba kufufuza monga ndiwe wa CID. Uzakalambila mu komboni muno na K1,800 yako."

Mau amenewo analasa, cifukwa mbali yothela ingakhale yoona. Iye anali na mwana wa zaka zitatu, landilodi wogogoda pa 1, ndipo analibe ngakhale kasukulu ka malata. Kwa munthu wotelo, mafunso anga anali monga a munthu wokhuta. Anakongola kaloba, anatumiza K6,500. Patapita mlungu anamuuza kuti awonjezele K3,000 ya inshuwalansi. Anagulitsa filiji. Tikiti inali kubwela Lacisanu lililonse, mpaka tsiku lina cithunzi ca ejenti cinazimilika pa WhatsApp ndipo nambala inaleka kulowa. Anakacita lipoti ku polisi. Kwa ine sanakambe ciliconse, n'namvela kwa mlongosi wake.

Mu February 2025, Thailand inadula malaiti opita ku madela a m'malile aja, ndipo patapita masiku ocepa anthu oposa 250 anaolotsedwa kucoka ku Myawaddy, ambili a iwo a ku Ethiopia. N'naona vidiyo yake pa foni panthawi yopuma, ana akusewela bola ya mapepala panja. Anyamata na atsikana a msinkhu wanga, atakhala pansi m'mizele, ena akuonetsa zipsela pamikono. N'nayamba kuitumiza kwa mnzanga uja, kuti aone kuti mwina kuluza filiji kunali kupulumuka. Cala cinaima pa batani. N'naganiza za mmene zidzamvekela, zocokela kwa ine, kwa munthu amene akali kubweza kaloba. N'nafafaniza.

Tinakumana mwangozi mu April pa buthi ya pa steshoni, aliyense atagwila foni yake. Ananifunsa ngati nikali pa kasukulu kaja. N'nati inde, anawonjezako K200. N'namuuza kuti niyamba kusunga ndalama ya mayeso a TOEIC, ndipo mai wa ku Cameroon anati sukulu yeniyeni ikafuna munthu adzaniuza, kuti nilembele sukuluyo mwacindunji. Anagwedeza mutu, anatenga cenji yake.

"Ukamva, unitumileko," anatelo, osaniyang'ana.

Sutikesi ili pamwamba pa wadilopu. Amai amasungilamo zovala za salaula zabwino kwambili, zimene safuna kuti zigwidwe fumbi asanapite nazo ku msika. Pa cogwilila pakali kapepala ka mtengo.