Makoma Olocha a ku Ntcheu

Munthu wochoka pa boma la Ntcheu kulinga ku Lizulu ayenda mu msewu wolondola malire: kudzanja lamanja Malawi, kulamanzere Mozambique. Apaulendo ambiri maso awo ali pa kachewere ndi kabichi wa m'misika. Koma ife tikupemphani, abale, kuti mukadzerako mvula itatha, chimanga chili m'nkhokwe, muyang'ane makoma a nyumba.

Pakuti nyengo imeneyo ndiyo imene amayi azira. Apita ndi khasu ndi dengu kukakumba katondo wofiira, makande akuda a kudambo, ndi dothi loyera, limene silipezeka ponseponse. Ena aliyendera ulendo wa tsiku lathunthu. Dothilo aliviika m'mphika wakale, nalivundula kufikira litasalala ngati phala. Kunsi kwa khoma apaka lakuda, kuti matope othovukira mvula ikamagwa asaoneke. Pamwamba apaka lofiira kapena loyera. Tsono ndi chala, kapena ndi kansanza, alocha mizere yokhotakhota yonga ya pa mikanda ya Angoni, maluwa, ndi mawanga a nkhanga. Wofuna kuda kwenikweni asinja makala. Ndalama sizituluka ngakhale imodzi. Dzinja likafika mvula ifafaniza zonse, ndipo chaka chamawa mayi ayambanso, mwana wake wamkazi atamsenzera dothi, akupenyerera.

Luso limeneli si ladzulo ayi. Kupitirira Lizulu, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, muli malo 127 a zojambula za pa miyala, amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Zofiira anajambula Akafula. Zoyera anajambula Achewa ndi dothi loyera, ndipo zina zinali za amayi pophunzitsa anamwali. Chala chimene chilocha khonde lero chili ndi agogo ake.

Chimene chitidetsa nkhawa ndi ichi: nyumba za njerwa zowotcha ndi simenti zachuluka. Sitizinyoza, pakuti amene anagonapo m'nyumba yodontha adziwa ubwino wa malata. Koma khoma la simenti silizirika, ndipo utoto wa m'sitolo apaka ndi waganyu. Mtsikana wokulira m'nyumba yotere adzatha msinkhu osagwirapo katondo, ndipo m'chipinda mudzapachikidwa kalendala ya chaka chatha yokha.

Komatu luso likhoza kulowa m'nyumba. Tengani lichero lakale, kapena chidutswa cha mphasa, muchilochepo monga mulochera khoma. Mukasakaniza dothilo ndi phala losalala la ufa wa chinangwa, silisadabuka msanga. Makungwa ouma a nthochi ali ndi maonekedwe ambiri, oyererako ndi oderako: aduleni ndi lumo, muwamate pa katoni ndi phala lomwelo, mutulutse mudzi, ng'ombe, kapena mayi akusinja. Imeneyi ndi mphatso yosachititsa manyazi pa ukwati kapena pokaona khanda. Pachikani kutali ndi utsi, ndipo muziyang'ana kuseri kwake, chifukwa mphemvu zikonda phala.

Wofuna kuona kumene manja a kumudzi angafike atsikire ku Golomoti, apite ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976. Makoma a nyumba ya Chamare ajambulidwa mbiri ya dziko lathu, ndipo munthu wosadziwa kuwerenga aitsata poizungulira nyumbayo.