NSOMBA ZA M'GALASI

Pamene ndinagula thanki la galasi losungiramo nsomba m'caka ca 2023, anzanga a ku ofesi anandiseka, nati kalaliki wa boma wayamba kuweta ndiwo zimene sadzadya. Sindinawayankhe, pakuti ananena zoona. Thankilo linali la malita 60, ndipo pamodzi nalo ndinagula makina awiri a magetsi: pampu yosefera madzi, ndi kacitsulo kotenthetsera madzi m'nyengo yacisanu. Ndinaikamo tinsomba 25 ta mtundu wochedwa guppy, tocepa ngati kapenta, koma ta micira ya mawanga okongola. Madzulo ndikaweruka ku nchito ndinali kukhala pa mpando ndi kutiyang'ana kufikira mtima utatsika.

Caka cotsatira mvula inakana. Madzi anacepa m'damu la Kariba, kumene kumacokera magetsi ambiri a dziko lathu, ndipo pofika mwezi wa September 2024 kwathu kuno ku Lusaka magetsi anali kubwera maora owerengeka okha pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku. Tsiku lina m'mawa ndinapeza nsomba zonse ziri pamwamba pa madzi, zirikuyasama ngati munthu wothamanga mtunda wautali. Pasanathe sabata zinatsala zisanu ndi imodzi. Akulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ine mwambiwo ndinauona ndi maso m'nyumba mwanga momwe.

Ndinafuna kudziwa cimene cinazipha, popeza nsomba za m'madambo a kwathu ku Katete sizidziwa magetsi, koma zimakhala ndi moyo. Cimene ndinaphunzira ndi ici. Nsomba imaturutsa m'thupi mwace poizoni wochedwa amoniya, ndipo cakudya cotsala cikaola cimaturutsanso yemweyo. M'madzi mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timene timasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ali woopsa, ndi tina timene timasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene sabvuta kwambiri. Tizirombo timeneti timafuna mpweya wabwino. M'thanki langa tambiri tinali kukhala m'cinkhupule ca m'pampu, cotero pampu itaima, nchito yao inaimanso. Kuonjezera apo madzi ofunda amasunga mpweya wocepa: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga mamiligalamu 9, koma pa madigiri 30 imasunga 7 ndi theka cabe, ndipo September ndiye khomo la nyengo yotentha. Ndinazindikira tsono kuti makina aja anali kundibisira colakwa canga, ndico kuunjika nsomba zambiri m'madzi ocepa.

Cinandilimbitsa mtima ndi kuwerenga kuti kuweta nsomba m'galasi kunayamba magetsi asanalowe m'nyumba za anthu. M'caka ca 1850 katswiri wa mankhwala wa ku London, Robert Warington, anafotokoza za tinsomba tiwiri ta goldfish timene anatisunga m'ciwiya ca malita oposa 50 pamodzi ndi udzu wa m'madzi wochedwa Vallisneria. Masamba ena ataola madzi anada, ndipo iye anaikamo nkhono za m'dziwe zimene zinadya zoolazo. Udzu unapatsa nsomba mpweya, nsomba zinapatsa udzu cakudya. Udzu womwewo umamera m'madzi osaya a m'nyanja ya Malawi.

Ndinayambanso. Nsomba zotsala ndinazisunga m'ndowa, ndipo pansi pa thanki ndinayala dothi la m'dimba lopanda feteleza, kuya kwace ngati zala ziwiri, ndi kulibvundikira ndi mcenga wotsuka bwino, monga aphunzitsa Diana Walstad m'buku lace la 1999. Ndinabzala udzu wambiri, ndi kudikira masabata atatu kuti ugwire ndisanabwezemo nsomba, pakuti zomera zimadya amoniya ngati manyowa. Thanki ndinaliika pafupi ndi zenera, koma posafika dzuwa leni-leni, poopa ndere. Loweruka liri lonse ndimatungamo malita 10 ndi kuthiramo madzi a pa mpopi amene agona tsiku lathunthu m'ndowa kuti klorini acoke. Nsomba izi siziikira mazira, zimabala ana amoyo, ndipo zimabala mosaleka. Zikapitirira zisanu ndi zitatu ndimagawira anzanga aja anali kundiseka. Kuzitaya mu mtsinje sindilola, cifukwa kwao ndi ku Trinidad ndi ku Venezuela, ndipo mlendo wobala motere akhoza kupanikiza eni mudzi.

Cisanu ndico cinandidetsa nkhawa. Nsomba za guppy zimakonda madzi a madigiri 22 kufikira 28, pamene usiku wa June ku Lusaka mphepo ya panja imatsika kufika pansi pa madigiri 10. Mwai wace ndi wakuti madzi ambiri sazizira msanga monga acitira madzi a m'botolo. Ndinasunthira thanki ku khoma la m'kati mwa nyumba, ndipo usiku ndinali kulifunditsa bulangeti. M'mawa madzi anali kukhala pa madigiri 19 kapena 20. Nsomba zinali kuyenda mwaulesi, ndipo popeza nsomba yozizidwa sigaya cakudya msanga, ndinayamba kuzidyetsa kamodzi pa masiku awiri.

M'mwezi womwewo wa June 2025 amai anga anabwera kucokera kumudzi kudzaona adzukulu. Anayang'ana thanki nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Mwananga, kodi tinthu timeneti tikakula mudzadya?" Nditayankha kuti iai, anangoti, "Zinthu za m'tauni!" Koma ataona kafumbi kamene ndinatsina ndi zala ziwiri kuwaza pa madzi, nkhope yao inasintha. Amai anga sanalolepo camoyo ciri conse kugona ndi njala pa khomo pao, kaya ndi mlendo, kaya ndi galu wa eni. Kwa iwo ulesi wa nsombazo unali njala yeni-yeni.

Patapita masiku atatu ndinabwera ku nchito ndi kupeza madzi atayera ngati otsukira mpunga, nsomba imodzi itafa, zina zirikuyasama pamwamba. Pansi pa udzu panali nyenyeswa za nsima. Sindinafunse kuti watero ndani. Ndinacotsa nsimayo ndi kapaipi, ndipo kwa masiku anai ndinali kusintha gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo tsiku ndi tsiku.

Inu owerenga amene mwatsiriza sukulu caposacedwa, mudzaona kuti kudziwa cinthu n'kwapafupi kusiyana ndi kuciuza kholo lako. Kodi ndikanayamba bwanji kuphunzitsa za amoniya munthu amene anandilera ndi nsima yomweyo, amenenso anagulitsa mtedza kuti ine ndikaphunzire ku sukulu ya mishoni? Ndinagona usiku uwiri ndirikuganiza. Tsiku lacitatu ndinagwada pafupi nao ndi kunena kuti, "Amai, ine ndimaiwala kudyetsa nsombazi cifukwa ca nchito. Ndikupemphani kuti muzindithandiza. Koma mimba zao n'zazing'ono kwambiri, ndipo nsima imazitupitsa." Ndinawapatsa kabokosi ka macisi mmene ndinali kuikamo cakudya ca tsiku limenelo cokha.

Anandiyang'ana m'maso, ndipo ndikhulupirira kuti anadziwa zonse. Anati, "Atate ako nawonso anali oumira cotere pa cimanga ca nkhuku." Koma kabokosiko anakalandira ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo kufikira tsiku limene anakwera basi kubwerera ku Katete, ndiwo anali kudyetsa nsomba, ndipo usiku anali kuonjezera citenje cao pamwamba pa bulangeti langa. Masiku ano akaimba foni amayamba afunsa za adzukulu, kenaka za mkazi wanga, ndipo asanafunse za ine amati, "Nanga alendo ako aja adya lero?"