Ng'anjo za Makolo Athu ku Chulu

Ife a kuno ku Chulu tikamva za zomanga zakale zotchuka, maganizo athu amathamangira kutali. Timasimbirana za mtundu wa Aztec wa ku Mexico, umene unamanga mzinda wa Tenochtitlan pachilumba pakati pa nyanja, ndipo kachisi wawo wamkulu ankamkuza pomanga watsopano movindikira wakale. Asipanya atagonjetsa mzindawo mu 1521 anagwetsa kachisiyo, koma mwala suwola. Mu 1978 anthu okumba pansi pa ntchito ya magetsi anagunda chimwala chosema, ndipo maziko a kachisi uja anafukulidwa pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Mexico City.

Makolo athu sanamange ndi miyala. Iwo ankaponda dothi la pachulu, ndipo chomanga chawo chopambana sichinali nyumba yogona ayi, koma ng'anjo yosungunulira chitsulo. Inkaumbidwa kutchire, kutali ndi mudzi, yoposa msinkhu wa munthu, yotakata pansi ndi yopanikizika kukamwa. M'tsinde mwake ankaloŵetsamo mipope yadothi kuzungulira, kotero kuti makala akayaka, ng'anjoyo inkadzikokera yokha mpweya usana ndi usiku, popanda munthu wopemerera ndi mvukuto. Taganizani, aŵerengi okondedwa, luso loyeza msinkhu ndi kukamwa kwa chinthu chotere ndi maso okha, popeza kulakwitsa pang'ono kunali kutaya makala ndi thukuta la masabata ambiri. Amisiriwo ankasala ngakhale kuchipinda mpaka ntchito itatha. Ena a ife timaseka mwambowo, komabe makasu amene anadyetsa agogo athu anatuluka m'menemo.

Makasu a m'sitolo atachuluka, moto wa ng'anjo unazima cha m'ma 1930. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri ofufuza zakale anabwera kuno kudzapempha nkhalamba zimene zinagwirako ntchitoyi paunyamata kuti ziyatsenso ng'anjo. Alendo anafunsa nalemba. Ife eni mudzi tinali kalikiriki kumanga zigafa ndi mabalani a fodya. Ng'anjo zina zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu National Park, kumene khasu ndi nkhwangwa sizifika, koma za m'minda mwathu tinazisalaza tokha kuti mzere wa fodya uwongoke.

Chaka chatha tikugalauza munda wathu wa kudambo, khasu linakwatula zibuma zakuda zolemera pamodzi ndi chidutswa cha mpope wadothi. Mdzukulu wathu wina, amene kusukulu anaonapo chithunzi cha kachisi wa ku Mexico uja, anatola chidutswacho nafunsa kuti n'chiyani. Tinamyankha monyadira kuti apa panali ng'anjo ya makolo ake. Iye anafunsanso kuti mipope yotere inkakhala ingati, ndiponso ankaipendeketsa motani. Tinayang'anana akuluakulu atatu, aliyense kuyembekeza mnzake. Zibumazo tinaziunjika m'malire a munda, koma chidutswa cha mpope mwanayo anapita nacho kunyumba m'thumba la malaya.