Boti la Atate

Ndinakulila ku Kanyama, komboni imene ilibe mtsinje, koma m'nyumba mwathu munali nkhafi. Caka ciliconse pa 1 December, boma likatseka usodzi, atate anali kutsika minibasi ya ku Kafue ali ndi cola kumsana ndi nkhafi paphewa. Anali kuiimika kuseli kwa citseko mpaka kumapeto kwa February. Anzanga a mu komboni anali kuiseka kuti ndi mthiko wa cimphona, ndipo ine ndinali kuwauza monyada kuti ife tili ndi boti. Palibe amene anali kundikhulupilila.

Koma boti linalikodi. Atate analigula mu 1997, ine ndili ndi zaka 8, ndi ndalama zimene anapatsidwa atacotsedwa nchito pa fakitale ina, m'zaka zija makampani a boma anali kugulitsidwa. Anzao ena anagula minibasi, ena anatsegula tuntemba. Iwo, pokhala munthu wobadwila m'mbali mwa Luangwa, anapita ku Chanyanya, dooko la asodzi pa mtsinje wa Kafue, nakagula boti lakale la faiba, aja amati banana boat. Analipaka penti ya buluu ndi kulemba dzina kutsogolo kwake: Tiyeseko. Amama anatha mlungu wathunthu osawalankhula.

Msasa wao unali capatali pang'ono ndi Chanyanya, m'mbali mwa dambo. Kuti ufike pa mtsinje weniweni unali kupalasa mu kamfuleni kopapatiza, pakati pa mabango, mtunda wosakwana kilomita imodzi. Anali kusodza pamodzi ndi amalume, mlongo wao wa amama. Nsomba, bream ndi milamba, zinali kubwela ku Lusaka m'mafiliji akale odzaza ayezi, ndipo amama anali kukazigulitsa ku Soweto. Nsapato zanga za kusukulu, ndalama za mayeso a Grade 9 ndi Grade 12, ngakhale ya basi yopitila ku UNZA, zonse zinali kununkha nsomba.

Pa holide ya August, ndili ndi zaka 11, atate anandipatsa nkhafi. Asodzi ena pa dooko anaseka kuti mwana wamkazi azipalasa. Atate sanawayankhe. Anangondiuza kuti, "Madzi safunsa ngati ndiwe mkazi kapena mwamuna. Gwila bwino." Tsiku limenelo boti linazungulila malo amodzi mpaka manja anga anatuluka matuza, koma pobwelela ndinalilowetsa ndekha mu kamfuleni.

Atate anamwalila ndi Covid mu June 2021, mwezi umodzimodzi ndi a Kenneth Kaunda. Pogawa katundu, amama ananena pamaso pa abale kuti malemu anasiya mau akuti boti likhale langa, popeza ndine woyamba kubadwa ndipo ndine ndinali kulidziwa. Tinagwilizana kuti amalume apitilize kusodzela, ndipo kumapeto kwa mwezi azitumiza nsomba kwa amama. Ine ndinabwelela ku kalasi yanga ku Matero, kumene ndimaphunzitsa Geography, ndili mwini boti. Ndikafika pa phunzilo la mitsinje ndinali kuonetsa ana cithunzi cake pa foni. Ndivomele kuti zinali kundikomela kuti ana a ku Matero ndi ku George adziwe kuti madamu wao si wa mu fumbi la Lusaka cabe.

Mu January 2023 mvula inagwa yoopsa kum'mwela kwa dziko lino. Tonse tinaona pa TV midzi ya ku Namwala, Monze ndi Mazabuka ili m'madzi, anthu akuthawa ndi ng'ombe zao. Usiku wina m'mwezi umenewo cimphepo cinaomba pamsasa. Popeza inali nthawi ya ciletso, Tiyeseko linali lomangilila pa dooko. Mphepo inadula cingwe ndi kulimenyetsa pa citsa, ndipo linang'ambika m'mbali, mng'alu wotalika ngati mkono wanga. M'mawa amalume anatuma foni. Ine ndinalimbikila kufunsa za mng'alu, koma iwo anati, "Mng'alu ni nkhani ing'ono, ba ticha. Njila yatsekeka."

Amene anayendako pa Kafue amadziwa kuti pamwamba pa madzi pamayandama udzu wolukana ngati mphasa, pamodzi ndi comela cija timati Kafue weed, cimene anzathu a ku Malawi amati namasupuni. Cimphepo cinazula zimenezi ndi kuzikankhila pakamwa pa kamfuleni, ndipo cigumula cinathilapo matope. Usodzi utatsegulidwa mu March, amuna a pamsasa anatenga zikwakwa ndi zikwanje. Anadula kwa milungu iwili, madzi ali m'cifuwa, m'malo mmene muli ng'ona ndi mvuu. Akatsegula kanjila, mphepo ina inali kukatsekanso. Mabwato osema ndi opepuka, anthu awili amakoka pamwamba pa udzu mpaka ku mtsinje. Tiyeseko linali kufuna amuna 6, ndipo aliyense wa iwo anali kufuna kulipidwa popita ndi pobwela.

Ndinatumiza K1,800 ya guluu ndi nsalu ya faiba, ndipo mng'alu unamatidwa. Kenako ndinauza amalume kuti tiyembekezele dzinja lotsatila, madzi adzakokolola zonse. Ndinanena zimenezi ine amene caka ciliconse ndimalemba pa bolodi kuti pa Kafue Flats dziko ndi lathyathyathya, madzi amayenda pang'onopang'ono, ndipo kuyambila m'zaka za m'ma 1970 kukwela ndi kutsika kwake kumadalila madamu a Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge. Pamene madzi acedwa, matope amakhazikika. Pamene matope akhazikika, udzu umazika mizu. Mwana wa Grade 11 akanandiuza kuti kamfuleni kaja sikadzatseguka kokha, ndipo ndikanamupatsa mamakisi onse.

Dzinja limene ndinali kuyembekezela linayamba ndi kutipeza ku Kanyama. Komboni yathu inamangidwa pa thanthwe la laimu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa madzi amasowa kopita. Akuluakulu amakumbukilabe cigumula ca mu 1978. Nyumba ya amama ndi ya kale, pansi pake ndi potsika kuposa mseu. Mu January 2024 madzi analowa mpaka mu akakolo, atasakanikilana ndi a m'cimbudzi. Kolela inali itayamba kale mu Lusaka kucokela mu October, ndipo amama anadwala. Anawatengela ku Heroes Stadium, kumene kunali kugonekedwa odwala. Masukulu anali otseka mpaka pa 12 February, conco ndinalibe kwina kopita. Masiku anai ndinaima panja pa geti pamodzi ndi anthu ena, aliyense akuyembekezela kumva za m'bale wake.

Amama anatuluka ali moyo, ataonda, citenge cikuzungulila kawili. Bilikileya wina wa pafupi anabwela kudzaona nyumba. Anati kukweza pansi, kumanga sitepe pakhomo ndi kukweza cimbudzi zifunika K9,000. Pa payslip yanga panali kale ngongole imene ndinatenga pa malilo a atate, ndipo zotsala zinali za lendi, unga ndi sukulu ya mwana. Mlongo wanga, amene ndi wamng'ono kwa ine, ananena mosazungulila kuti tigulitse boti. Ndinamukalipila pamaso pa amama. "Ufuna kugulitsa atate?" Iye anatuluka panja. Amama sananene kanthu, anangopitiliza kusankha nyemba.

Kenako mvula inaleka. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinauma m'minda, madzi ku Kariba anacepa, malaiti anayamba kupita maola ambili pa tsiku. Kamfuleni ka atate kanasanduka matope, kenako dothi long'ambika. Ku Kanyama nako kunauma, ndipo ine ndinapeza cifukwa coiwalila nkhani ya bilikileya. Miyezi yonseyi, kupatula nthawi ya ciletso, kathumba ka nsomba kanali kufika kwa amama kumapeto kwa mwezi. Sindinafunse kumene zinali kucokela. Mwina sindinafune kudziwa.

Pa holide ya August ndinakwela basi ya ku Kafue, ndinapeza galimoto yopita ku Chanyanya, ndipo kotsalako ndinayenda pansi. Pamsasa panatsala mabanja ocepa, ambili anali atasamukila pafupi ndi mtsinje. Tiyeseko ndinalipeza lili cafufumimba pa njelwa zinai. Penti inali itasuwa, ndipo nditapaka dzanja m'mbali mwake, ulusi wa faiba unandibaya ngati citedze. Pansi pake nkhuku ya eni ake inali kufungatila mazila.

Amalume anabwela dzuwa litapendeka, akuyenda mowelama. Ndinaona kuti akalamba kuposa mmene mau ao anali kumvekela pa foni. Titadya, ndinawafunsa za nsomba zija. Anayang'ana pansi kwa kanthawi, kenako anandiuza. Kucokela tsiku la cimphepo anali kubweleka bwato losema la munthu wina. Akagwila nsomba, theka linali kupita kwa mwini bwato. Pa theka lotsala, zina zinali zitadyedwa kale mu ukonde ndi crayfish, tunkhanu twacilendo tumene twadzaza mu Kafue. Pa zotsalazo ndi pamene anali kupatulapo za amama, ndipo anali kuwauza kuti n'za mu Tiyeseko.

"Nanga simunaniuze bwanji, amalume?"

"Ninakuuza kuti njila yatsekeka. Iwe unati tiyembekeze. Boti ni yako, mwana wanga, ine ningakambe cani?"

Usiku umenewo sindinagone. Kwa miyezi 19 ndinali kudziona ngati mwana wokhulupilika amene akusunga cikumbutso ca atate ake. Koma amene anali kulipila cikumbutsoco anali mkulu wa zaka zoposa 60, ndi msana wake, ndiponso mai amene anatsala pang'ono kufa cifukwa ca pansi potsika. Ine ndinali kulipila ciani? Ndinali ndi cithunzi pa foni. Atate sanagule boti lija kuti anthu aziliyang'ana. Analigula cifukwa nchito inatha ndipo ana anafunika kudya. Akanakhala moyo, akanaligulitsa mu March 2023, ndipo akanayesako cina.

M'mawa ndinauza amalume kuti afunefune wogula. Ndinatumila foni mlongo wanga ndi kumupepesa. Amama nditawauza anangoti, "Wacedwa, koma wafika."

Wogula anapezeka mu September, mwamuna wina amene amanyamula ogula nsomba pakati pa Chanyanya ndi misasa ya kutali. Tinayamba pa K15,000, iye anaonetsa cigamba ca pa mng'alu ndi ulusi wotuluka uja, ndipo tinathela pa K12,000. Ngolo ya ng'ombe inalinyamula kucoka pamsasa kufika pa dooko la Chanyanya. Asanawelenge ndalama anafuna kuona ngati silikudontha, conco tinalikankhila m'madzi. Ndinapempha kuti ndipalase ndine. Anandiyang'ana, siketi ndi nsapato za mu tauni, koma anavomela. Ndinapita nalo mpaka pamene mabango athela ndi kubwelela. Manja anali kukumbukila. M'kati munalibe dontho ngakhale limodzi, ndipo ndinanyadila ngati kuti ndikuligula ndine.

Anati adzaikapo injini ndipo adzalipentanso, alembepo dzina la mwana wake wamkazi. Ndinafuna kupempha kuti asiye dzina lakale, koma ndinakumbukila kuti ndalandila kale ndalama. Nkhafi yokha ndinamuuza kuti siili pa mtengo.

Amalume ndinawapatsa K4,000. Anakana kawili, kacitatu analandila, ndipo anagula bwato losema lao-lao ndi maukonde awili. K8,000 yotsala, nditaonjezapo K1,000 ya m'cilimba ca kusukulu, inapita ku simenti, mabuloko ndi dothi lofiila lokwezela pansi. Bilikileya anamaliza mu November, mitambo itayamba kale kusonkhana.

Nkhafi ndinafuna kuipacika pa cipupa kwanga ku Matero, pamwamba pa TV. Ndinaisiya kwa amama kuti ndidzaitenge ndikagula misomali, ndipo milungu inapita. Mu January 2025 mvula inagwa usiku wonse, ndipo m'mawa ndinathamangila ku Kanyama nsapato zili m'manja. Madzi anali atafika pa sitepe yaciwili, koma m'nyumba munali mouma. Amama ndinawapeza panja, atavala magambutsu, akukankha mapulasitiki ndi mabotolo amene anatseka ngalande ya kutsogolo kwa nyumba. M'manja mwao munali nkhafi ya atate.

Ndinaima pa geti osadziwa cokamba. Iwo anandiona, napukuta thukuta ndi nsonga ya citenge.

"Waimilila cani? Iwe ndiwe unaphunzitsidwa kugwila ici. Bwela unithandize."

Ndinaika nsapato pa sitepe, ndinalowa m'madzi, ndi kulandila nkhafi.