Kusamala Zida za Pakhomo

Ana inu, pakati pa Blantyre ndi Limbe pali malo otchedwa Ginnery Corner. Dzinali linachokera ku makina amene kale ankachotsa njere m'thonje pamalopo. Makina otere akapanda kusamalidwa, aleka kugwira ntchito. Chomwechonso zida zazing'ono za pakhomo, monga nyundo, sowo ndi tchizulo.

Ine ndiyesa kuti mmisiri weniweni adziwika ndi kasungidwe ka zida zake. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, chinyontho chibweretsa dzimbiri. Chotero mukatha ntchito, pukutani sowo ndi kansalu ka mafuta, ndipo muipachike pouma.

Nyundo ikayamba kugwedera pampini, musaiviike m'madzi, pakuti mtengowo ukauma, idzagwedera koposa kale. Semani kamtengo kosongoka, mukakhomere pamutu pa mpini kufikira italimba. Nyundo yoguluka ikhoza kulasa mnzanu m'diso. Tchizulo yobuntha nayonso iterereka ndi kucheka dzanja, muziinola pamwala.

Makolo anu anagula zida zimenezi ndi thukuta lawo. Mwana wozisamala adzazisiyira ana ake. Yambani lero, pakuti m'mera mpoyamba.