Tinthu Tosangalatsa Mlendo m'Harare

Anyamata ambiri akamaliza sukulu amayesa kuti cimwemwe ca m'mizinda yakunja cili m'nyumba zosanjikizana ndi m'ndalama zambiri. Ine ndine mwana wa kwa Mpanshya, m'dziko la Asoli, kumene mseu waukulu wopita ku Chipata umatsetserekera ku mlatho wa Luangwa. Ndinagwira nchito ya utelala m'Harare kuyambira 1998 kufikira 2010, ndipo ndifuna kukuuzani, abale anga, kuti cimene cimasunga mtima wa mlendo ndi tinthu tating'ono.

Makolo athu anali kupita kumeneko pansi, kudzera ku Feira, naoloka Zambezi pa bwato, mzindawo ukali kuchedwa Salisbury, pakuti dzina la Harare unalandira m'caka ca 1982. Ine ndinakwera basi ku Lusaka ndi kuoloka pa Chirundu. Ndinapeza kacipinda ku Mbare, pafupi ndi msika waukulu wa Musika, kumene mabasi a m'dziko lonselo amatsitsa anthu ndi katundu wao.

Cokondweretsa coyamba cinali cilankhulo. Kwathu timalankhula Cisoli, ndipo Cinyanja ndinali kuciyesa ca kusukulu ndi ca ku Lusaka. Koma pakati pa Cishona ca khamu lonse lija, ukangomva munthu akuti, "Muli bwanji, acimwene?" mtima umatsika pansi. Wa ku Dedza, wa ku Tete ndi wa ku Petauke tonse tinali kusanduka ana a mai mmodzi, ngakhale kwathu sitikadadziwana konse.

Caciwiri cinali cakudya. Nsima iwo amati sadza, kapenta amati matemba, koma m'kamwa nzimodzimodzi. Nyengo ya cisanu amai a ku cigwa ca Zambezi anali kubwera ndi masau m'matumba. Ndinali kugula kambale kamodzi, ndi kumadya limodzilimodzi poponda makina, kuwawasa kwake kukundikumbutsa malicero a masau ndi nsomba zouma zimene amagulitsa pa mlatho wa Luangwa. Munthu amene sanacokepo kwao sangadziwe kuti kacipatso kotere kangagwetse misozi ya mwamuna wamkulu.

Tsiku la Sabata tikaturuka m'chalichi tinali kupita ku bwalo la Rufaro kukaonera mpira wa Dynamos, kapena kutsata kulira kwa ng'oma kumene ana a Acewa anali kubvina gule wamkulu, amene eni dziko amati zvigure. M'mwezi wa Okutobala mitengo ya jakaranda imacita maluwa, ndipo miseu ya m'tauni imayalidwa ndi maluwa ofiirira ogwa pansi. Ndinali kuyenda dala pansi m'malo mokwera kombi, ndikulingalira kuti kwa Mpanshya tsopano dzuwa likuswa mtengo, anthu akusosa m'minda kudikira mvula.

Mtengo wace wa tinthu timeneti tinauzindikira bwino m'caka ca 2008, pamene ndalama ya dzikolo inatha mphamvu ndipo m'masitolo munatsala mashelefu okha. Mu Januwale 2009 boma linaturutsa pepala limodzi la madola 100 thililiyoni, limene posacedwa linasanduka pepala cabe. Amene cimwemwe cao cinali m'thumba anasweka mtima. Ife tinali kusinthana: ine kusoka cigamba pa buluku la mwana, mai wace kundipatsa mbale ya ufa kapena mtolo wa repu. Madzulo magetsi akazima tinali kukhala pa khonde, kukamba nthano za kwathu ndi kuseka monga anthu okhuta.

Komabe pali cenjezo. Ndinadziwana ndi nkhalamba zina zimene zinabwera m'nthawi ya Citaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, zili anyamata monga inu. Mowa wa pa mapeto a mwezi, suti yatsopano ndi njinga zinawakomera, caka ncaka namati adzapita kwao akasunga ndalama, kufikira anakhala machona. Wina sanali kudziwa ngakhale kumene kuli manda a mai wace. Tinali kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi m'bungwe la maliro, kuti otere asaikidwe ngati nyama. Koma bungwe silingabwezere munthu mudzi wace.

Cotero zokondweretsa za kunja zili mitundu iwiri: zina zimakumbutsa munthu kwao, zina zimamuiwalitsa. Inu amene mufuna kuyenda, pitani, pakuti dziko ndi lalikuru ndipo muli zambiri zophunzira. Kondwerani ndi tiyi wa m'mawa, moni wa mnansi ndi maluwa a m'mseu, koma tumizani mau kwanu mwezi uli wonse, ndipo nthawi ya kukolola ikafika mukaonekere kwa makolo anu. Akuluakulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.