Addis Ababa: Mzinda Umene Udapulumutsidwa ndi Mitengo

Addis Ababa, likulu la dziko la Ethiopia, ndi mzinda wa kumapiri. Uli pamtunda wa mamita oposa 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero kuti mlendo amapuma mwawefuwefu akangokwera kachitunda kakang'ono. Kumeneku n'kumene banja lina la ku Ntcheu lidakhala zaka ziwiri. Bambo, amene ndi mlangizi wa zaulimi, adapita kukagwira ntchito ku bungwe lina loona za mbewu, ndipo mayi, amene kwawo ankaphunzitsa sukulu ya kwacha, adatsagana nawo.

Miyezi yoyamba idali yosokoneza. Chaka cha ku Ethiopia chili ndi miyezi 13 ndipo chimayamba mu September. Nthawi amayamba kuiwerenga kukacha, motero 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi 1 koloko. Mvula yaikulu imagwa kuyambira June mpaka September, pamene ku Ntcheu anthu amakhala atakolola. M'malo mwa nsima kuli injera, chakudya chopyapyala ndi chowawasa chopangidwa ndi ufa wa teff, mbewu ya njere zing'onozing'ono kuposa mawere.

Amene adawazoloweretsa ndi anansi awo. Kumeneko mlendo amalandiridwa ndi khofi wokazingira pomwepo, kusinja mu kamtondo, ndi kumwa maulendo atatu kwinaku macheza ali mkati. Pa macheza oterewa mayi adamva za equb, imene ndi chiperegani ngati cha kwathu kuno, komanso iddir, gulu limene mabanja amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti maliro akagwa, chakudya, mipando ndi tenti zipezeke popanda ngongole.

Loweruka lililonse awiriwa ankayenda kukaona mzinda. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya National Museum adaona chifanizo cha mafupa a Lucy, amene adapezeka ku Hadar m'chaka cha 1974 ndipo akatswiri amati akhala zaka 3.2 miliyoni. Adafikanso ku Africa Hall, nyumba imene imakumbutsa za pa 25 May 1963, tsiku limene mayiko 32 adakhazikitsa bungwe la umodzi wa Africa la OAU mumzindawu. Mu msika wa Merkato adasochera pakati pa matumba a tsabola, anyezi ndi khofi, ndipo bambo adaona kuti mzinda wonsewo umadya thukuta la mlimi wa kumudzi.

Koma ulendo umene udawakhudza kwambiri ndi wa ku phiri la Entoto, kumpoto kwa mzindawu. Pamwamba pake pali tchalitchi cha Entoto Maryam, m'mene Menelik II adavekedwa ufumu m'chaka cha 1889. Phirili n'lozizira komanso n'lodzala ndi mitengo ya bulugamu, imene mbiri yake ndi mbiri ya mzindawo.

Menelik ndi mkazi wake Taytu Betul ankakhala pa Entoto. M'chaka cha 1886 adatsikira kuchigwa, pafupi ndi akasupe a madzi otentha, ndipo Taytu adatcha malowo Addis Ababa, kutanthauza duwa latsopano. Anthu atachuluka, nkhalango zozungulira zidatha psiti chifukwa cha nkhuni ndi milimo. Vutoli lidakula mpaka mfumu idayamba kumanga mudzi wina kumadzulo, wotchedwa Addis Alem, kuti likulu lisamukire kumeneko. Chimene chidathandiza kuti mzinda usasamuke ndi bulugamu wochokera ku Australia, amene adayamba kubzalidwa m'zaka za m'ma 1890. Mtengowu umakula msanga, ndipo ukadulidwa chitsa chake chimaphukanso. Eni dziko adautcha bahir zaf, mtengo wa kutsidya kwa nyanja.

Komatu walira mvula walira matope. Bulugamu amamwa madzi ambiri, ndipo akabzalidwa mothithikana pansi pake sipamera udzu wokwanira, choncho mvula ikagwa nthaka ya m'phiri imakokoloka. N'chifukwa chake mbali zina za Entoto anthu akubwezeretsako mitengo yachilengedwe, kuphatikizapo mtundu wina wofanana ndi mkungudza wa ku Mulanje.

Potsika phirili kulowera ku msika wa nsalu wa Shiro Meda, awiriwa adakumana ndi amayi atabereka mitolo ya nthambi ndi masamba a bulugamu, ina yaitali kuposa msinkhu wa munthu. Ankayenda chowerama m'mphepete mwa msewu, magalimoto a alendo akuwadutsa. Nkhunizo amakazigulitsa kwa ophika injera amene alibe chiwaya cha magetsi, ndipo ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtunda komanso kulemera kwa katunduyo.

Apa mpamene bambo ndi mayi adasiyana maganizo. Bambo adaona chipambano: mfumu idazindikira kuti mzinda sungakhale popanda nkhuni, ndipo idabzala mitengo nthawi isanathe. Mayi adaona msana wa mzimayi. Iwo adati mitengo idapulumutsadi mzinda, koma patapita zaka zoposa 100 wosenza nkhuni akadali yemwe uja, monganso zilili m'mapiri a ku Ntcheu kumene atsikana amalawirira ku nkhuni anzawo akupita kusukulu. Kwa iwo funso silidali la kuchuluka kwa mitengo kokha ayi, komanso la kutalika kwa mtunda wofika kumene mitengoyo ili, ndi kuchuluka kwa nkhuni zimene moto umodzi umadya.

Nkhaniyi adakambirana milungu ingapo, ndipo mapeto ake aliyense adatolapo mbali ya mnzake. Mayi adachita chidwi ndi mbaula yotchedwa mirt, imene mabanja ena amaphikira injera ndi nkhuni zochepa, ndipo idawakumbutsa chitetezo mbaula ya dothi imene amayi amaumba ku Malawi. Bambo nawo adavomereza kuti nkhalango ya kutali ndi mudzi imasiya mtolo pamutu pa mayi ndi mwana wamkazi.

Atabwerera kwawo, anthu ankafunsa za ndege, za nyumba zosanja ndi za sitima ya mumzinda imene idayamba kuyenda m'chaka cha 2015. Iwo ankayankha zonsezo, kenaka n'kutembenuzira nkhani ku nkhuni. Pamsonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi adapempha zinthu zitatu: banja lililonse likhale ndi kamunda ka mitengo pafupi ndi nyumba, bulugamu abzalidwe kutali ndi madimba ndi mitsinje, ndipo posankha malo obzala, amayi ayambe ndiwo kulankhula, popeza mtunda wa ku nkhuni amaudziwa ndi iwowo.